Za Chivomezi ndi Kugumuka kwa Mapiri: Mawu kwa Eni Minda a ku Ntcheu

Kwa mafumu, nyakwawa ndi eni minda onse a m'boma la Ntcheu, makamaka inu akukhala m'mphepete mwa mapiri.

Mwambi wa makolo uti, chakudza sichiimba ng'oma. Mwa zonse zakudza modzidzimutsa palibe china choposa chivomezi. Pakuti mvula ionetsa mitambo, ndi njala iyamba kudziwika chimanga chisanache, koma chivomezi chipeza munthu ali m'tulo, kapena ali chiweramire ndi khasu lake. Palibe munthu pa dziko lonse, ngakhale wophunzira kwambiri, amene akhoza kunena tsiku lake, ndipo palibe wakuchiletsa. Chifukwa cha ichi ambiri ati, Nanga tivutikirenji ndi chinthu chimene sitingathe kuchiletsa?

Kalata iyi yalembedwa kuyankha funso limenelo. M'dziko la mapiri chivomezi chipha anthu ambiri ndi dothi ndi miyala imene chigwetsa kuchokera pamwamba. Ndipo malo amene dothilo lingagumuke, ndi njira imene lidzatsata potsika, zikhoza kudziwika lero lomwe, nyengo ili yabwino. Tsiku la chivomezi silili m'manja mwathu, koma kusankha pomanga nyumba ndi potsegula mphanje kuli m'manja mwathu ndithu. Mlimi amene asankha bwino malo awa awiri wachotsa gawo lalikulu la tsokalo lisanafike.

KODI KUNO KWATHU KULI ZIVOMEZI?

Ziliko ndithu. Dziko la Malawi ligona m'chigwa chachikulu chimene chinapangika pong'ambika nthaka ya Africa, kuyambira ku Ethiopia kumpoto kufikira ku Mozambique kumwera. Nyanja yathu, imene kuya kwake kufika mamita 700 cha kumpoto, ndiyo madzi amene anadzaza m'chigwa chimenecho. Kung'ambikako sikunathe ayi. Mbali ya kum'mawa ndi mbali ya kumadzulo zili kutayana milimita 1 kapena 2 pa chaka, ndiko kuchedwa koposa kukula kwa chikhadabo cha munthu. Koma matanthwe a pansi sayenda mosalala. Agwirana zolimba zaka mazana kapena zikwi, mphamvu ili kuunjikana monga mu uta umene mlenje ali kukoka, kufikira tsiku limene aterereka mwadzidzidzi. Kugwedezeka kumene timva ndiko kuterereka kumeneko.

Umodzi wa ming'alu yaikulu ya chigwa ichi upita m'boma lathu lino. Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Balaka kunka ku Salima, akapitirira Bilila nafika ku Kasinje, aona ku dzanja lamanzere mapiri ataima ngati linga, ndi ku dzanja lamanja chigwa cha Bwanje chitayala see. M'tsinde mwa lingalo muli chiunda chachitali, chimene msinkhu wake m'malo ambiri upitirira mamita 10, chochokera ku Bilila kufikira kupitirira Mtakataka m'boma la Dedza, ulendo wa makilomita oposa 100. Ophunzira za miyala achitcha mng'alu wa Bilila-Mtakataka. M'chaka cha 1997 awiri a iwo, James Jackson ndi Tom Blenkinsop, analemba kuti chiundacho ndi chipsera cha chivomezi chachikulu cha kale lomwe, ndi kuti mng'alu wonsewo ukaterereka nthawi imodzi, chivomezi chake chingayandikire nambala 8. Kumadzulo kwake kuli wina, wotchedwa Chirobwe-Ntcheu, m'tsinde mwa mapiri aatali a kumalire.

Zivomezi ziyesedwa ndi manambala, ndipo nambala ikakwera ndi 1, mphamvu yachuluka ka 30 ndi kupitirira pang'ono. Chotero cha 7 chiposa cha 5 pafupifupi ka 1,000. Zazikulu zedi zidza patalipatali, pakati pake pakhoza kupita zaka zikwi, ndipo sindilemba izi kuti munthu alephere kugona. Koma zapakati zidza m'masiku a moyo wa munthu mmodzi. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi chopitirira 6 chinagwedeza Salima ndi maboma oyandikana nawo, chinapha anthu 9, ndi anthu pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Mu Disembala 2009 ku Karonga nthaka inagwedezeka kawirikawiri masabata awiri, chachikulu chake cha 6.0 pa 19 Disembala, ndipo anthu 4 anafa. Tsono David Keefer wa ku America, atasanthula mbiri ya zivomezi 40, analemba m'chaka cha 1984 kuti miyala iyamba kugwa m'maphompho ndi chivomezi cha nambala 4 chokha. Phiri lofooka silidikira chivomezi chachikulu.

UMO CHIVOMEZI CHIGWETSERA PHIRI

Tengani lichero, muikepo chimanga chotong'ola, nimulipendeketse pang'ono. Chimanga chikhala pomwepo, pakuti njere igwira inzake, ndi zonse zigwira nsungwi za lichero. Tsono gogodani m'mphepete mwake ndi chala: chimanga chonse chitsikira kumunsi nthawi yomweyo, chinkana simunaonjeze kupendekeka. Dothi la pa mtsetse wa phiri likhala momwemo. Kulemera kwake kulikokera pansi usana ndi usiku. Zimene ziligwira ndizo kumamatirana kwa dothi lokha, kukhakhala kwa thanthwe limene ligonapo, ndi mizu ya mitengo. Masiku onse zogwira ziposa zokoka, kapena ndi pang'ono pokha. Chivomezi chikafika, nthaka ikankhidwa uku ndi uku, m'mwamba ndi pansi, kangapo m'kamphindi. Pa kanthawi kamene dothi laponyedwa m'mwamba lileka kugwira thanthwe, ndipo likayamba kuyenda silibwereranso. Iyi ndiyo njira yoyamba.

Yachiwiri ndi iyi, kuti pamwamba pa phiri pagwedezeka koposa patsinde. Gwedezani nsungwi patsinde pake, muone umo nsonga iyendera patali. Chifukwa chake kugumuka kwa chivomezi kuyamba kawirikawiri pa nsonga ndi pa zitunda zosongoka, ndi pa maphompho pamene miyala yaikulu yangotsamira pa inzake. Pamene kugumuka kwa mvula kukonda kuyamba m'munsi, m'malo olowa m'kati momwe madzi asonkhana. Mapiri athu ali nayo yambiri miyala yotsamira yotere, ndipo mwala wochokera pa nsonga uli ndi njira yaitali yakuonjeza liwiro usanafike pa mudzi.

Yachitatu ndiyo madzi. Dothi lokhuta madzi lilemera, ndiponso madzi a m'kati mwake akankha njere za dothi kuti zisagwirane. Ana osewera pa mchenga wonyowa wa kumtsinje adziwa ichi: akapondaponda pamalo amodzi, mchenga wolimba usanduka phala, phazi nilimira. Ku Karonga m'chaka cha 2009 nthaka ya m'chigwa inang'ambika, mchenga ndi madzi zinatumphuka m'ming'alu. Dothi lotere likakhala pa mtsetse liyenda ngati phala lotayika m'mbale. Kumbukirani kuti chivomezi cha Salima chinadza mu Malichi ndi cha Karonga mu Disembala, zonse ziwiri m'miyezi ya dzinja.

Yachinayi ndiyo imene anthu aiwala. Chivomezi chikatha, anthu ayang'ana phiri, naona lili chiimire, nati, Tapulumuka. Koma likhoza kukhala losweka m'kati, monga mtsuko umene unagwa koma sunaphwanyike: uoneka wabwino kufikira tsiku lothiramo madzi. Ming'alu yotsala pa mtsetse imwa madzi a mvula yonse yotsatira, niwatsitsira pa thanthwe la pansi, ndipo phiri ligumuka patapita miyezi kapena zaka, anthu ataiwala.

Yachisanu ndiyo kutseka mtsinje. Dothi ndi mitengo zikagwera m'chigwa chopapatiza, zimanga tchingo lopanda mmisiri. Madzi aunjikana kumtunda, ndipo tsiku limene tchingolo liphulika, chigumula chifika pa midzi ya kumunsi ngakhale kumwamba kulibe mtambo.

ZIMENE ZINAONEKA KU MAIKO ENA

Popeza chivomezi chachikulu sichinagwe pa mapiri a Ntcheu m'masiku a ife amoyo, kuyenera kuti tiphunzire kwa anthu a mapiri a kutali amene chinawagwera.

Pa 31 Meyi 1970 chivomezi cha 7.9 chinagwedeza dziko la Peru ku South America. Chinayambira pansi pa nyanja yamchere, kutali ndi mapiri, koma chinathyola chigawo cha thanthwe ndi madzi oundana pa phiri lalitali la Huascarán. Zogumukazo zinatsika makilomita oposa 10 m'mphindi zowerengeka, nizikwirira mzinda wa Yungay pamodzi ndi anthu ake zikwi zambiri. Ena mwa opulumuka ndiwo amene anathamangira pa kachitunda ka manda a mzindawo. Matope anapita mbali ino ndi mbali ina, iwo ali pamwamba.

Pa 12 Meyi 2008 chivomezi cha 7.9 chinagwa ku Wenchuan, m'mapiri a dziko la China. Akufa ndi osowa anapitirira 80,000, ndipo mwa iwo pafupifupi 20,000 anaphedwa ndi kugumuka kwa mapiri. Pa malo otchedwa Tangjiashan phiri linatseka mtsinje, panabadwa nyanja, kotero kuti asilikali anakumba ngalande yakutulutsa madzi pang'onopang'ono, ndi anthu oposa 200,000 a kumunsi anasamutsidwa. Ndipo tsoka silinathere pomwepo. Mu Ogasiti 2010, zitapita zaka 2, mvula yaikulu inatenga dothi limene chivomezi chinasiya lili lende pa mitsetse, nilikhuthulira m'midzi ya Yingxiu ndi Qingping, imene anthu anali atangoimanganso.

MAPIRI ATHU AGUMUKA NDI MVULA YOKHA

Wina adzati, Izo ndi za mapiri aatali a kwa eni ake; athu ndi aafupi. Koma taonani zimene mvula yokha yachita kuno, nthaka isanagwedezeke n'komwe. Mu Disembala 1946 pa Zomba panagwa mvula ya mainchesi 28, ndiwo mamilimita oposa 700, m'maola 36. Phiri linagumuka, milatho inakokoloka, ndi anthu anafa. Pa 10 Malichi 1991 phiri la Michesi linatsitsa matope ndi miyala pa Phalombe, nilipha anthu mazana angapo. M'chaka cha 2003 mitsetse inagumuka ku Ntchenachena m'boma la Rumphi, ndi kuno ku Ntcheu cha ku phiri la Mvai; Golden Msilimba wa ku Yunivesite ya Mzuzu anayendera zipserazo nalemba za chionongeko chimene chinagwera anthu. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mtsetse wa phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre, ndi mapiri ena ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Akufa ndi osowa m'dziko lonse anapitirira 1,000. Ngati mvula yokha ichita zotere, kudzakhala kotani nthaka ikagwedezeka mu Febuluwale, mapiri atakhuta madzi a miyezi itatu?

Makolo anatcha chinthu ichi Napolo, nati ndi njoka yaikulu ya pansi pa phiri, imene pofuna kusamuka itsika ndi khwawa niononga zonse za m'njira yake. Sindidzatsutsana ndi munthu za dzina. Chimene makolo anaona ndi maso awo n'choona: chitsika ndi khwawa, ndipo chibwereza njira yake yakale. Madzi saiwala khwawa. Pitani pamene khwawa lituluka m'phiri nilifika poyala, mudzapeza miyala yaikulu ngati nkhokwe itagona pakati pa minda, kutali ndi thanthwe limene inachokera. Madzi a masiku onse sakhoza kusuntha miyala yotere. Inadza ndi matope tsiku limodzi loopsa, makolo athu asanabadwe kapena ali ana. Ndipo malo amenewa ndiwo akopa anthu, popeza dothi lake ndi lachonde, ndi madzi ali pafupi.

NTCHITO YA NKHWANGWA, MOTO NDI KHASU

Mizu ya mitengo igwira dothi la pa mtsetse monga luzi ligwira phaso la nyumba. Ina iyenda m'mbali niilukana ndi mizu ya mitengo inzake, ina ilowa m'ming'alu ya thanthwe niikhala ngati zikhomo. Mtengo ukadulidwa, mtsetse sugumuka chaka chomwecho, chifukwa mizu ikali yolimba. Iola pang'onopang'ono, ndipo mtsetse ufika pofooka koposa zitapita zaka zingapo, mwini nkhwangwa ataiwala. Chifukwa chake anthu salumikiza kudula ndi kugumuka. Mitengo yathu ya m'thengo, monga mombo, tsamba ndi msuku, ili ndi ubwino uwu, kuti chitsa chikasiyidwa chiphukanso, mizu niikhalabe yamoyo. Wodula nkhuni nasiya chitsa walasa phiri pang'ono. Wootcha makala amene azula chitsa, kapena kuchitentha, wadula luzi lenileni. Lupsa la chaka ndi chaka litsiriza ntchitoyo, pakupha mphukira ndi kusiya nthaka yamaliseche pofika mvula yoyamba.

Khasu nalo lifooketsa phiri pokumba patsinde. Munthu akasema mtsetse kuti apeze poyala pomanga nyumba, kapena akakumba dothi la njerwa m'tsinde mwa chiunda, wachotsa mzati umene unachirikiza dothi lonse la pamwamba pake, ndipo wagona pansi pa chimene wachifooketsa.

Pali chinthu china chimene alimi ayenera kuchimvetsa bwino. Mizere yopingasa, akalozera ndi ngonyeka ndi zabwino zedi pa munda wotsetsereka pang'ono, pakuti ziimitsa madzi kuti alowe m'nthaka. Koma pa mtsetse woima kwambiri, pamene dothi ndi lochepa ndi thanthwe lili pafupi, madzi oimitsidwawo atsikira pa thanthwe nalisandutsa poterera. Pa malo otere mzere suchiritsa kanthu. Mankhwala ake ndiwo kusalimapo.

Ndiyenera kunenanso malire a mitengo, kuti munthu asakhulupirire chimene sichingamsunge. Mizu yambiri igwira dothi la pamwamba, mita 1 kapena 2; kugumuka kukayambira pansi pa mizu, nkhalango yonse itsika ili chiimire. Pa 6 Sepitembala 2018 ku Atsuma, pa chisumbu cha Hokkaido m'dziko la Japan, chivomezi chinadza usiku namondwe atangopita, ndipo mitsetse yodzala mitengo inagumuka, niipha anthu 36 okhala m'tsinde mwake. Chotero mitengo ichepetsa kugumuka kwa dothi la pamwamba, kumene ndiko kochuluka kuno kwathu. Koma chimene chisunga moyo wa ana anu ndicho malo amene nyumba yaima.

Nkhalango za Mvai ndi Dzonzi zinapatulidwa m'chaka cha 1924, ndipo anthu ena aziyesa za boma, zosapindulitsa mudzi. Koma pamene damu la Mpira linaphwa m'chaka cha 2018, mipopi niuma ku Ntcheu ndi ku Balaka, ambiri anazindikira kuti mitengo ya pa Mvai inali kugwira ntchito ya mudzi uliwonse wa kumunsi. Mitengo yomweyo isunga madzi, nigwiranso dothi la pamwamba pa mitu yathu.

NANGA TIKALIME KUTI?

Funso ili ndi lolemera, ndipo wolifunsa sali wopusa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu, ndipo nthaka siikula. Mnyamata wokwatira amene apongozi alibe munda wakumpatsa ayang'ana kuphiri chifukwa kulibe kwina. Mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, ndi kabichi ndi matimati a pa msika wa Lizulu, zilipira sukulu ana ambiri, ndipo thumba la makala ligula ufa wa sabata. Munthu wanjala ukamuuza za chivomezi chimene chingadze zaka 50 zitapita, adzakuyankha kuti njala yafika kale.

Ndiponso anthu a Ntcheu akumbukira masiku amene malimidwe anadza ndi chindapusa ndi ndende. M'chaka cha 1953 Inkosi Gomani, Philip, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anauza anthu ake aleke kumvera malamulo a malimidwe, ndipo boma la atsamunda linamchotsa pa mpando. Migula yokumbidwa ndi mantha a mesenjala sikhalitsa. Chifukwa chake sindipempha lamulo latsopano lochokera kutali. Ndipempha kuti mudzi uliwonse uweruze wokha za phiri lake.

Ndipo chimene ndipempha si chachikulu monga chimveka. Mitsetse yoopsa ndi pakamwa pa makwawa ndi gawo laling'ono la dziko la mudzi. Munda wa pa mtsetse woima ubala zaka ziwiri kapena zitatu, chonde nichitsikira kumtsinje, nutsala miyala. Mwini wake wagula chimanga cha zaka zitatu ndi dothi la zaka mazana. Mtsetse womwewo ukasiyidwa upatsa nkhuni za nthambi, masuku, bowa, uchi, udzu wofolera ndi nsungwi chaka ndi chaka. Ndipo kusuntha malo a nyumba isanamangidwe sikudya ndalama iliyonse.

ZOYENERA KUCHITA

1. M'chilimwe, ntchito ya kumunda itachepa, amfumu ndi akuluakulu ndi mlangizi wa ulimi akwere phiri la mudzi, aone pali zipsera zakale, miyala yotsamira, ndi makwawa oloza ku nyumba za anthu. Afunse nkhalamba kumene phiri linagumukapo kale, pakuti pamene panagumuka padzagumukanso.

2. Musamange pakamwa pa khwawa, kapena m'tsinde mwa phompho. Miyala yaikulu yogona payokha m'munda ndiyo malire amene phiri linadzilembera lokha. Mangani kupitirira pamene mwala wotsiriza unaima, ndipo pa chitunda cha pakati pa makwawa awiri ndi pabwino koposa m'kati mwa chigwa. Mawu awa akhudza makamaka sukulu, nyumba zopemphereramo ndi zipatala, momwe anthu ambiri asonkhana.

3. Yesani mtsetse musanatsegule mphanje. Tengani ndodo ya mamita 2, muike nsonga imodzi pansi kumtunda, nimuigwire chopingasa monga madzi agonera m'beseni. Ngati kuchokera ku nsonga inayo kufika pansi pakwana mita 1, pamenepo si pa khasu ayi. Pasiyeni pa mitengo ndi udzu. Ngakhale pochepera apo pafunika mizere yopingasa ndi mipanda ya vetiva kapena nsenjere.

4. Podula mtengo pa mtsetse siyani chitsa chamoyo, ndipo musatenthe pamenepo. Lambulani njira zotchinga moto mwezi wa Meyi kapena Juni, udzu usanaumitse. M'mbali mwa makwawa bzalani nsungwi, mikuyu ndi mbawa.

5. Musaseme mtsetse kuseri kwa nyumba kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo musaumbe njerwa kapena kuswa miyala m'tsinde mwa chiunda chimene pansi pake pali nyumba. Madzi a padenga, a m'njira ndi a m'ngalande zothirira dimba atsogozeni ku khwawa lamiyala, asamwazike pa dothi la mtsetse.

6. Nthaka ikagwedezeka, ngakhale pang'ono, chokani pansi pa phompho ndi m'khwawa, pakuti zivomezi zazing'ono zitsata chachikulu masiku ambiri. Kukacha, amuna angapo akwere kukaona phiri. Zizindikiro ndi izi: mng'alu wopindika ngati uta pamwamba pa mtsetse, mitengo yopendekeka imene inali yoongoka, kasupe watsopano, kapena wakale wouma mwadzidzidzi kapena wotulutsa matope, nthaka yotupa patsinde, chitseko chimene chayamba kukana kutsekeka.

7. Mukapeza mng'alu, khomani chikhomo mbali ino ndi china mbali inayo, nimuyese pakati pake ndi chingwe m'mawa uliwonse. Tsekani mng'aluwo ndi dothi la makande lotsendera bwino, nimupatutse madzi a kumtunda asalowemo. Zikhomo zikamka zitayana, a m'nyumba za kumunsi akagone kwa abale, makamaka usiku wa mvula. Uzani amfumu, ndi komiti ya mudzi yoona za ngozi, ndi ofesi ya DC, kuti mawu afike kwa a Geological Survey ku Zomba. Mtsetse wotere uyang'aniridwe dzinja limenelo ndi madzinja angapo otsatira.

8. Mtsinje ukachepa mwadzidzidzi mvula ili kugwa, kapena ukasanduka phala lodzala nthambi, dziwani kuti watsekeka kumtunda. Chotsani ana, ziweto ndi ochapa kumadzi. Mukamva kugunda ngati bingu losaleka lochokera kuphiri, musathawe motsata chigwa, pakuti matope aposa munthu liwiro. Thawirani m'mbali, kukwera chitunda. Musabwerere kukatenga mbuzi kapena katundu. Phunzitsani ana njira imeneyi usana, kuti aidziwe usiku.

Mafumu, kugawa malo kuli m'manja mwanu, ndipo munthu amene mumpatsa pomanga akhulupirira kuti mwamsankhira pabwino. Kukana mbale wanu malo a pakamwa pa khwawa kuwawa tsiku limodzi, ndipo kapena adzakudandaulani. Koma pepani sapoletsa chilonda. Mutu umodzi susenza denga: itanani mudzi chilimwe chino, mukwere phiri pamodzi, mupangane malire a khasu ndi a nkhwangwa, nimuwaike chizindikiro cha miyala kuti ana ndi alendo awaone. Ntchito imeneyi ndi ya tsiku limodzi kapena awiri, ndipo iyenera kutha mvula yoyamba isanagwe.

Ndine bwenzi lanu,
Mlangizi wa Ulimi.